Makina a ku Midland atapsa lero, deta ina ili kuti? Mafunso ndi mayankho pa kukopera deta kutali

Tauni ya Midland ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Perth, m'chigawo cha Western Australia. Kale inkatchuka ndi zitsulo. Kuyambira 1904 mpaka 1994 kunali malo aakulu opangira ndi kukonzera masitima apamtunda, ndipo nyumba zake za njerwa zofiira zikadalipo. Lero chuma chachikulu cha tauniyi sichigwirika ndi manja. Pa 1 Midland Square pali likulu la Landgate, bungwe losunga kaundula wa malo a chigawo chonsechi, ndipo kuyambira pa 7 Ogasiti 2023 chikalata cha pepala chomwe mwini nyumba ankabisa m'sutikesi chinasiya kugwira ntchito pamaso pa lamulo. Umwini wa nyumba ya ku Albany kapena famu ya ku Kimberley ndi zimene zalembedwa m'kaundula wa pakompyuta, basi. Pamalo a masitima paja pali tsopano ofesi ya apolisi yolandira mafoni a ngozi, komanso chipatala cha St John of God Midland chomwe chinatsegulidwa mu 2015.

Mabungwe a mtundu umenewu, kulikonse padziko, sangauze anthu kuti abwerenso mwezi wamawa chifukwa kompyuta yapsa. Chimodzi mwa zimene amadalira ndi kusunga deta yomweyo pa makina awiri otalikirana, ntchito yomwe akatswiri amaitcha replication.

Kodi makina akewo amaoneka bwanji, ndipo kukopera kutali n'kutani?

Munthu akalowa m'chipinda cha maseva amalandiridwa ndi chisanu ndi phokoso la mafani. Pakati pa makabati achitsulo pamakhala kabati imodzi kapena ziwiri zomwe ntchito yake ndi kusunga kokha. Kutsogolo kwake kuli madirowa odzaza madisiki ondondozana, iliyonse ndi kanyali kake kobiriwira. Kumbuyo kuli tizingwe topyapyala ta fayiba ndi mapulagi a magetsi ochokera ku mizere iwiri yosiyana. Amenewa ndiwo makina otchedwa storage array, kapena array mwachidule. Maseva a banki, a chipatala kapena a ofesi ya malo sasunga okha deta yofunika. Amaitumiza ku array, yomwe imagawa malo ake m'zigawo zotchedwa volume, chigawo chilichonse ndi ntchito yake.

Array imatha kudziteteza ku mavuto ang'onoang'ono. Disiki imodzi ikafa, deta yake imamangidwanso kuchokera pa zinzake. Makompyuta oyendetsa array, otchedwa controller, amakhala awiri kuti imodzi ikadwala inzake ipitirize. Koma zonsezi zili pansi pa denga limodzi, ndipo moto susankha disiki.

Kukopera kutali ndiko kugula array yachiwiri, kuiika m'nyumba ina, n'kulumikiza ziwirizo kuti chilichonse cholembedwa pa yoyamba chikalembedwenso pa yachiwiri. Ma array amakambirana okhaokha, seva sidziwa n'komwe. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake la ntchitoyi. EMC, yomwe inagulidwa ndi Dell mu 2016, inayamba kugulitsa SRDF m'zaka za m'ma 1990. NetApp ili ndi SnapMirror, IBM ili ndi Metro Mirror ndi Global Mirror, Hitachi ili ndi TrueCopy ndi Universal Replicator, pomwe HPE ili ndi Remote Copy. Nthawi zambiri array imakopera kwa array ya kampani yomweyo, kotero wogula yoyamba wadzimangirira kale kwa wogulitsa yachiwiri. Ogulitsa sathamangira kunena zimenezi tsiku loyamba.

Kodi deta imafika kwinako nthawi yomweyo, kapena pambuyo pake?

Njira zilipo ziwiri, ndipo kusiyana kwake kumaoneka bwino potsatira chinthu chimodzi cholembedwa. Kalaliki wadina batani kuti nyumba yakuti yachoka m'manja mwa wogulitsa, yapita kwa wogula. Seva itumiza zimenezi ku array yapafupi. M'njira yotchedwa synchronous, array imeneyi siyankha msanga. Imayamba yatumiza ku array yakutali, n'kudikira kuti inzakeyo ivomere kuti yalandira, kenako ndiye imauza seva kuti zatheka. Pa sikirini ya kalaliki pakamaoneka uthenga woti zasungidwa, ndiye kuti zili kale pawiri. Nyumba yoyamba itagwa sekondi yotsatira, palibe chotayika. Mtengo wake ndi kudikira kumeneko, komwe kumabwerezedwa pa chilichonse cholembedwa, usana ndi usiku.

M'njira ya asynchronous array yapafupi imayankha pompopompo, n'kuunjika zosinthazo, n'kumazitumiza m'magulu pakapita masekondi angapo kapena mphindi zingapo. Kalaliki samva kuchedwa kulikonse. Koma array yakutali imakhala m'mbuyo nthawi zonse, ndipo ngozi ikagwa, zomwe zinali zisananyamuke zimapita ndi moto. Munthu akhoza kukhala ndi lisiti m'manja la malipiro omwe makina otsalawo sanawaonepo.

Ndiye array yachiwiri iikidwe patali bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa zinthu ziwiri zimakokerana. Choyamba ndi liwiro la kuwala. M'chingwe cha fayiba kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, zomwe zikutanthauza kuti makilomita 100 alionse amawonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwera. Array yamakono imayankha isanathe milisekondi imodzi, choncho mtunda umamveka msanga. Makampani ambiri amalangiza kuti pa synchronous ulendo wopita ndi kubwera usapitirire milisekondi 5 kapena 10.

Bungwe la ku Midland lili ndi mwayi pa mbali imeneyi. Kampani ya NEXTDC ili ndi nyumba zosungira maseva ku Malaga ndi ku East Perth, zonse pa mtunda wosafika makilomita 20, ndipo kuchedwa kwake n'kosamveka. Koma litafuna kukopera ku Sydney, nkhani isintha. Mzindawo uli pa makilomita pafupifupi 3,300 molunjika, chingwe chimayenda njira yaitali kuposa pamenepo, ndipo ulendo wopita ndi kubwera umatenga milisekondi 45 mpaka 50. Pulogalamu yomwe imadikira kuti cholembedwa chimodzi chitsimikizike isanayambe china ingamalize zinthu 20 zokha pa sekondi. Kumeneko ndi kwa asynchronous basi.

Chachiwiri chokokera mbali ina ndi kukula kwa ngozi. Pa 10 Malichi 2021 moto unatentha nyumba ya maseva ya OVHcloud ku Strasbourg, ku France, ndipo makasitomala ena anazindikira tsiku lomwelo kuti makope awo anali pa malo omwewo. Ku Perth nako mbiri ilipo. Pa 14 Okutobala 1968 chivomezi cha mphamvu ya 6.5 chinagwetsa tauni ya Meckering, makilomita pafupifupi 130 kum'mawa kwa mzindawu, n'kudula msewu wa Great Eastern Highway, njanji, ndi paipi ya madzi yopita ku migodi ya golide. Msewu womwewo umadutsa pa Midland, ndipo zingwe za fayiba zimakonda kutsatira misewu ndi njanji. Mu Febuluwale 2021 moto wa m'tchire womwe unayambira ku Wooroloo unatentha nyumba 86, zambiri m'dera la khonsolo ya City of Swan, yomwe likulu lake lili pa Midland pomwepo.

N'chifukwa chake mabanki aakulu amakhala ndi malo atatu: array yachiwiri pafupi, ya synchronous, yoteteza ku moto wa nyumba imodzi, ndi yachitatu kutali, ya asynchronous, yoteteza ku tsoka la mzinda wonse. N'zodula, ndipo si bungwe lililonse lomwe likuzifunikira.

Amasankha ndani pakati pa njira zimenezi?

Osati mkulu wa makompyuta, ngakhale nthawi zambiri amamusiyira iyeyo. Mafunso ake ndi awiri, ndipo onse ndi a ndalama ndi lamulo. Loyamba: ngozi itagwa, bungwe lingapirire kutaya deta ya nthawi yaitali bwanji? Akatswiri amalitcha RPO. Lachiwiri: lingakhale lotseka kwa nthawi yaitali bwanji lisanayambirenso ntchito? Limeneli ndi RTO.

Akuluakulu akafunsidwa, yankho loyamba limakhala lakuti asataye kanthu ndipo asatseke ngakhale mphindi imodzi. Akaona mtengo, mtima umakhala pansi ndipo amayamba kusanja. Kaundula wa malo ndi maakaunti a banki sayenera kutaya ngakhale sekondi. Makalata a pa imelo akhoza kutaya mphindi 15 popanda womwalira. Zithunzi zakale za mapu, zomwe sizisintha, zikhoza kukopedwa kamodzi pa tsiku. Kusanja kumeneku kulembedwe papepala ndipo wamkulu asainire, kuti tsiku la tsoka pasakhale kulozana zala.

Nanga ntchito yeniyeni yolumikiza imayenda motani?

Imayamba ndi kuyeza, chingwe chisanagulidwe. Akatswiri amayang'ana kuti array imalemba deta yochuluka bwanji pa sekondi, kwa mwezi wathunthu, chifukwa chofunika ndi nthawi imene ntchito imafika pachimake, monga kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro, osati nthawi wamba. Mwachitsanzo, array yolemba ma megabyte 200 pa sekondi imafuna chingwe chonyamula ma gigabit 1.6 pa sekondi, osawerengera malo opumira. Wogula chingwe cha gigabit imodzi chifukwa masana a Lachitatu chikuoneka chokwanira adzalira pa 30, mwezi ukamatha.

Kenako ma array awiriwo amadziwitsidwa kwa wina ndi mnzake. Pa array iliyonse amapatula madoko ena, otchedwa port, kuti akhale a replication yokha. Pa mtunda waufupi amalumikiza ndi Fibre Channel pa fayiba yobwereka. Pa mtunda wautali deta imakulungidwa kuti iyende pa netiweki ya IP, kudzera m'njira yotchedwa FCIP kapena madoko a Ethernet a array yomweyo. Popeza chingwecho chimadutsa m'manja mwa anthu ena, deta imabisidwa ndi encryption isananyamuke. Mapulogalamu oyendetsa ma array awiriwo ayenera kukhala a misinkhu yogwirizana, ndipo laisensi imalipidwa mbali zonse ziwiri.

Zikatero amapanga mapeyala. Volume iliyonse ya kuno imapatsidwa inzake ya uko, yofanana kukula. Pa SRDF yochokera imatchedwa R1, yolandira R2, ndipo yolandirayo imatsekedwa kuti seva iliyonse isalembepo. Pamenepa ndi pomwe manja a katswiri amatuluka thukuta. Lamulo lokopera kuchoka kuno kupita uko, ndi lamulo lobweza kuchoka uko kubwera kuno, amasiyana ndi liwu limodzi lokha pa mzere womwe akutayipa. Akasokoneza, array yopanda kanthu imakopera kupanda kanthu kwakeko pamwamba pa deta ya zaka makumi awiri, ndipo imachita zimenezi mwachangu ndi mokhulupirika. M'malo ochita zinthu mwadongosolo, munthu wachiwiri amaima kumbuyo n'kuwerenga mokweza manambala a ma volume batani lisanadinidwe.

Pali chinanso chomwe ongoyamba kumene amaiwala. Database imodzi imakhala pa ma volume angapo: deta yeniyeni pa ina, buku lolemba zochitika motsatana pa ina. Ngati imodzi yafika uko ili pa sekondi yachisanu pomwe inzake yatsalira pa sekondi yachiwiri, database ikhoza kukana kutseguka, ngakhale volume iliyonse payokha ili bwinobwino. Mankhwala ake ndi kumanga ma volume onse a ntchito imodzi m'gulu lotchedwa consistency group, kuti aziyenda pamodzi ndi kuima pamodzi. Volume yatsopano ikawonjezedwa patatha chaka n'kuiwala kuilowetsa m'gululi, palibe belu lomwe limalira.

Chomaliza ndi kukopera koyamba, kwa deta yonse. Ma terabyte 100 pa chingwe cha gigabit imodzi amatenga masiku opitirira 9, chingwecho chikugwira ntchito imeneyi yokha. Pa ma gigabit 10 satha tsiku. Ena amayamba aika array yatsopano pambali pa yakale, kukopera zonse pafupi, kenako n'kuikweza pa lole kupita nayo kumalo ake, kuti chingwe chingonyamula zomwe zasintha m'njira.

Chingwe chikaduka zimatha bwanji?

Chimaduka ndithu. Thalakitala yokumba ngalande sifunsa za fayiba, ndipo ku Malawi kuno mbava zadulapo zingwe kangapo poganiza kuti muli kopa. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Lamulo la akatswiri ndi njira ziwiri zosiyana. Koma kugula kwa makampani awiri si chitsimikizo, poti makampani amabwerekana ngalande ndipo onse akhoza kuwolokera pa mlatho umodzi. Wogula wochenjera amapempha mapu a njira zonse ziwiri.

Zikaduka zonse, array yapafupi nthawi zambiri imapitiriza ntchito yokha, n'kumalemba pambali malo onse omwe asintha. Chingwe chikabwerera imatumiza zosinthazo zokha. Nthawi yothamangitsa imeneyi ndi yoopsa, chifukwa pa makina ena array yakutali imakhala ndi zakale zosakanikirana ndi zatsopano mpaka itamaliza. Ngozi itagwa pakatipo, sipakhala kope labwino kulikonse. Odziwa amayamba ajambula snapshot ya array yakutali, yomwe ndi chithunzi cha deta monga ilili pa mphindi imeneyo, asanalole kuti kuthamangitsako kuyambe.

Bwanji makina osangosamuka okha yoyamba ikafa?

Akhoza, koma pali msampha. Array yachiwiri ikasiya kumva inzake, singadziwe ngati inzakeyo yafa kapena chingwe chokha ndicho chaduka. Zonse ziwiri zikadziyesa zotsala, zimayamba kulandira zolemba payokhapayokha, ndipo nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi eni awiri, aliyense ndi kaundula womuikira umboni. Akatswiri amati split-brain. Pofuna kupewa zimenezi amaika kakompyuta kakang'ono pamalo achitatu, kotchedwa witness, ndipo array yomwe yakwanitsa kulankhula nako ndiyo imapitiriza. Kakaikidwa m'chipinda chimodzi ndi array yoyamba, monga ena amachitira pofuna kupulumutsa ndalama, ntchito yake yatha isanayambe.

Ndiye bungwe lokhala ndi replication lingasiye kupanga backup, makope a deta osungidwa padera?

Ayi, ndipo limeneli ndilo bodza lomwe lapweteka mabungwe ambiri. Replication ili ngati buku la malisiti la kaboni: wolemba akalakwitsa nambala pamwamba, pansi pamatulukanso nambala yolakwikayo. Munthu akafufuta tebulo la makasitomala mwangozi, array yakutali imafufutanso isanathe sekondi. Mbava za pa intaneti zikatseka mafailo ndi ransomware, mafailo otsekedwawo amakopedwa mwaulemu kupita kwinako.

Chitsanzo chooneka bwino chinachitika ku Australia komweko. Mu Meyi 2024 bungwe la penshoni la UniSuper, lomwe lili ndi mamembala oposa theka la miliyoni, linapezeka kuti makina ake a pa Google Cloud afufutika. Pokhazikitsa makinawo, ogwira ntchito ku Google anasiya malo ena osalemba kanthu, ndipo kompyuta inadzisankhira kuti makinawo akhale a chaka chimodzi. Chaka chitakwana, inafufuta. UniSuper inali ndi deta yake m'zigawo ziwiri zotalikirana, monga mabuku amalangizira, koma kufufutako kunakhudza zonse ziwiri. Chomwe chinathandiza ndi makope ena omwe anali atasungidwa padera, kuphatikizapo kwa kampani ina. Ngakhale zinali choncho, mamembala anakhala nthawi yoposa sabata osaona maakaunti awo.

Amalawi sakufunika kupita kutali kuti amvetse. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti malipiro ankalowetsedwa mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, macheke n'kutuluka, kenako zolembazo n'kufufutidwa. Makina okopera akanangofufuta nawo. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zalowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo zikufuna dipo, lomwe boma linakana kulipira. Anthu anakhala milungu ingapo osalandira ziphaso. Mavuto a mtundu umenewu amafuna chida china: makope a masiku am'mbuyo omwe palibe angawasinthe kapena kuwafufuta, ngakhale amene ali ndi pasiwedi yaikulu, ndiponso kope limodzi losalumikizidwa ku netiweki. Ndi bwinonso kuti pasiwedi yoyendetsera array yachiwiri isakhale yomweyo ya yoyamba.

Kodi pali bungwe lomwe linagula zonse koma n'kugwabe?

Lilipo, ndipo si laling'ono. Usiku wa pa 12 Disembala 2016 array ya HPE 3PAR ya bungwe lotolera msonkho la Australian Taxation Office inafa ku Sydney. Inali itangogwira ntchito chaka chimodzi. Webusaiti ya bungweli ndi makina omwe akatswiri a zamisonkho amagwiritsa ntchito zinazima kwa masiku angapo, ndipo vuto linabweranso mu Febuluwale 2017 pamene ankakonza zingwe za array yomweyo.

Lipoti lomwe bungweli linatulutsa mu 2017 ndi lofunika kwa aliyense wogwira ntchito imeneyi. Array yachiwiri inalipo, pamalo ena kumadzulo kwa Sydney, ndipo deta inkakopedwa. Koma dongosolo losamutsira ntchito zonse kumeneko mwa lokha silinamangidwe, poti linaoneka lodula kuposa phindu lake. Makinawo anakonzedwa moika patsogolo liwiro, osati kupirira. Zingwe za fayiba za mkati zinali zopanikizika, ndipo machenjezo anakhala akuoneka kwa miyezi ingapo ngozi isanagwe. Chopweteka kwambiri n'chakuti zida zina zofunika pobwezeretsa makina zinali zitasungidwa pa array yomwe inafayo. Bungweli linati deta ya okhoma msonkho sinatayike, ndipo pamenepo kukopera kunagwira ntchito yake. Chimene chinasowa ndi njira yoyeseredwa yoyambiranso msanga.

Phunziro lake ndi lakuti deta yokha siyendetsa ofesi. Kumalo achiwiri kumafunika maseva, manambala a netiweki, makina otsimikizira mapasiwedi, makiyi a encryption, malaisensi, ndi anthu odziwa choyamba kuyatsa. Buku la ndondomeko lisindikizidwe papepala, chifukwa likakhala pa array, lidzazima nayo limodzi.

Kuyesa kwake kumachitika bwanji osasokoneza ntchito?

Njira yofatsa ndi kujambula snapshot pa array yakutali, kuipereka kwa maseva oyesera omwe atsekeredwa pa netiweki yawoyawo, n'kuona ngati database ikutseguka ndipo manambala akugwirizana. Replication imapitirira ngati palibe chachitika. Zimenezi zikhoza kuchitika mwezi uliwonse.

Njira yoona mtima ndi kusamuka kwenikweni. Loweruka usiku maseva a kuno amazimitsidwa mwadongosolo, ma volume a uko amatsegulidwa, ntchito imayambira kumeneko, ndipo wina amakhala ndi wotchi m'manja. Pamenepo ndi pomwe zobisika zimatulukira: pulogalamu yomwe inalembedwa nambala ya seva yakale mkati mwake, khadi lolowera pakhomo lomwe linatha mphamvu, foni ya munthu yemwe anasiya ntchito chaka chatha. Kubwerera nako kumayesedwa, poti kumafuna kutembenuza kolowera deta, ndipo ndi pomwe msampha wa lamulo lolakwika uja umadikira. Bungwe lomwe linalonjeza ola limodzi papepala n'kupeza maola 9 pa wotchi silinalephere mayeso. Lapeza nambala yoona pa tsiku lomwe palibe kasitomala akulira pakhomo.

Nanga ku Malawi, zimenezi n'zotheka?

N'zotheka, ndipo mapu a dzikoli amathandiza. Lilongwe ndi Blantyre zatalikirana makilomita pafupifupi 300 pa msewu, mtunda wokwanira kuti tsoka limodzi lisagwere mizinda yonse iwiri. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasakaza Blantyre, Lilongwe n'kutsala. Pa mtunda umenewu kuwala kokha kumadya milisekondi zitatu, zida za m'njira zisanawonjezere zake, kotero synchronous ili m'malire ndipo iyenera kuyezedwa pa chingwe chenichenicho. Kwa mabungwe ambiri asynchronous ya masekondi ochepa ndi yokwanira. Mu 2022 boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa ndi Huawei, choncho malo oikapo makina m'dziko momwemuno akuwonjezereka.

Chosiyana ndi Midland ndi magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunakhudza mizinda yonse nthawi imodzi. Apa mtunda suthandiza. Array yachiwiri imafuna jenereta yakeyake, mabatire ake, ndi dizilo yemwe alipodi m'thanki, kuphatikizapo pa timanyumba ta m'njira tomwe timakankha kuwala m'chingwe. Palinso ndalama zakunja: laisensi ndi mgwirizano wokonzetsera makina zimalipidwa m'madola chaka ndi chaka, ndipo array yachiwiri ndiyo imayamba kuiwalidwa bajeti ikafinyidwa.

SACCO, sukulu kapena chipatala cha mishoni sichifunika kugula ma array awiri a mtengo wa nyumba. Ma database monga PostgreSQL, Oracle ndi SQL Server amatha kudzikopera okha kupita ku seva ina yakutali, popanda kukakamizidwa kugula makina a kampani imodzi. Mafunso ndi omwewo basi. Membala wa bodi kapena mkulu wa bungwe, kaya ali ku Midland kaya ku Limbe, pa msonkhano wotsatira afunse mkulu wa makompyuta zinthu zitatu: kope lachiwiri lili m'nyumba iti, ndi kope liti lomwe mbava yokhala ndi pasiwedi singalifufute, ndipo kusamuka kunayesedwa komaliza tsiku liti. Pa funso lachitatulo asalandire yankho la pakamwa, apemphe lipoti lokhala ndi deti ndi maola omwe ntchitoyo inatenga.